Banki ikufuniranji nambala yanga ya NI kuti nditsegule ISA?

Nachisale wa ku Leicester:
Moni nonse pagulu pano. Funso langa lipite kwa inu amene munabwera kale kuno ku UK. Ndikufuna kutsegula ISA, akaunti ija amati chiwongoladzanja chake sichidulidwa msonkho. Ndikudzaza fomu pa foni, ndafika poti ndilembe nambala ya National Insurance (NI), ija boma limatidziwira pa za msonkho, ndipo ndikalumpha pamenepo fomu ikukana kupitirira. Akaunti yolandirira malipiro ndinatsegula ku banki yomweyi, nambalayi sanandifunse. Nanga lero akuifuniranji? Ine ndimadziwa kuti imeneyi ndi ya kuntchito. Ndili pa viza yosamalira okalamba, sindikufuna zondilondalonda chifukwa cha tindalama tomwe ndikusunga.

Tiyamike_M:
Lembani achemwali, aliyense amalemba. Ili pa payslip panu.

Nachisale wa ku Leicester:
Komwe ili ndikudziwa achimwene. Ndikufuna kumva kuti akailandira amapita nayo kuti.

A Gondwe, Reading:
Funso labwino mayi, ndipo ambiri amangolemba osafunsa. Ndiyambe ndi chomwe ISA ili. Boma la UK linayambitsa maakauntiwa mu Epulo 1999, nthawi imene Gordon Brown anali nduna ya zachuma. Pangano lake ndi lakuti ndalama zikakhala mmenemo, chiwongoladzanja kapena phindu la masheya silidulidwa msonkho, komanso simufunika kuzitchula pa fomu ya msonkho. Koma boma silingakusiyeni kuti muziika mulimonse mmene mwafunira. Linaika malire: £20,000 pa chaka cha msonkho, ndipo chaka chimenechi chimayamba pa 6 Epulo n'kutha pa 5 Epulo chaka chotsatira. Malire amenewa akhala choncho kuyambira 2017.

Tsono apa ndi pamene pali nkhani. £20,000 imeneyi ndi ya munthu mmodzi, kuphatikiza ma ISA ake onse, kulikonse kumene anatsegula. Banki yanu imangoona zomwe mwaika kwa iwo. Mukakatsegula ina kutsidya kwa msewu, iwo sadziwa. Amene amaona zonse ndi a HMRC, bungwe lotolera msonkho, chifukwa chaka chikatha banki iliyonse imawatumizira lipoti la ndalama zomwe munthu aliyense waika. Kuti adziwe kuti Nachisale wa ku banki iyi ndi yemwe uja wa ku banki inayo, amadalira nambala ya NI pamodzi ndi tsiku lobadwa. Dzina pa lokha silikwanira. A Banda alipo angati ku Leicester kokha? Adiresi nayo timasintha chaka ndi chaka ife a lendi. Nambala ija ndi imene siisintha mpaka imfa.

Akaunti ya malipiro ilibe malire otere oti wina awerengere, n'chifukwa chake sanakuvutitseni nayo.

Nachisale wa ku Leicester:
Zikomo a Gondwe, apa ndamva. Koma a Home Office, oona za maviza aja, saziona zimenezi?

A Gondwe, Reading:
Kusunga ndalama zomwe mwagwirira ntchito si mlandu pa viza yanu, ndipo ISA si thandizo la boma lija analetsa anthu a maviza ngati athuwa. Ndi ndalama zanu. Zoti mabanki amafufuza ngati munthu ali ndi chilolezo chokhala m'dziko muno ndi zoona, zinabwera ndi malamulo a 2014 ndi 2016, koma zimenezo zimakhudza makamaka akaunti yolandirira malipiro ija, ndipo amayerekeza dzina, tsiku lobadwa ndi adiresi ndi mndandanda wochokera ku Home Office. Ngati mapepala anu ali bwino, kufufuza kumeneko munadutsa kale osadziwa.

Sindikunamizani kuti nthambi za boma siziuzana kanthu. A HMRC ndi a Home Office amapatsana zina, monga za malipiro a anthu a maviza. Koma malipiro anu a HMRC amawadziwa kale mwezi ndi mwezi kuchokera kwa abwana anu, pa nambala yomweyo. Kuipereka ku banki sikuwonjezera chinsinsi chilichonse chimene analibe.

Tiyamike_M:
Ine ndiye ndifunse mwina ndipsetsa mtima ena. Kodi ISA imeneyi ambirife tikuifunadi? Kuyambira 2016 munthu wodulidwa msonkho wa 20% amaloledwa kulandira chiwongoladzanja chofika £1,000 pa chaka popanda msonkho, pa akaunti wamba. Wa 40% amaloledwa £500. Tiyerekeze banki ikupereka 4%. Kuti chiwongoladzanja chifike £1,000 pafunika £25,000 itakhala chaka chonse. Ndani pagulu pano ali ndi £25,000 yongokhala, pomwe mwezi uliwonse kumudzi akuimba za fizi ndi feteleza? Ine ndimangoyang'ana akaunti yomwe ikupereka zambiri, kaya ndi ISA kaya ayi.

Mayi Nabanda:
Kkkk Tiyamike wayankhula ngati waona m'thumba mwanga.

A Gondwe, Reading:
Masamu ako ali bwino mphwanga, sindikutsutsa. Wa £3,000 asavutike mtima, atenge komwe kuli chiwongoladzanja chokwera. Koma pali ziwiri. Anamwino ena amene amagwira mashifiti owonjezera malipiro awo a pachaka amadutsa £50,270 osazindikira, n'kugwera mu 40%, pamenepo chilolezo chija chatsika kufika £500. Chinanso, ndalama zikalowa mu ISA zimakhala zotetezeka ku msonkho zaka zonse, pomwe malire a chaka chino ukapanda kuwagwiritsa ntchito pofika pa 5 Epulo apita, sabwereranso. Amene akusonkhanitsa za nyumba kwa zaka zisanu kapena kuposa, kusiyana kumadzaoneka kutsogolo.

Ndipo musaganize kuti akaunti wamba ndiye yobisika. Mabanki amauza HMRC chiwongoladzanja chomwe apereka pa maakaunti wamba chaka chilichonse. Ukadutsa malire, a HMRC amangosintha tax code yako, nambala yomwe abwana amawerengera msonkho wako, msonkho n'kumadulidwa ku malipiro. Anthu amadabwa kuti bwanji malipiro atsika, kumeneko ndi kumene zachokera.

Che Jafali ku Joni:
Ndikuwerenga kuchokera ku Johannesburg kuno, ndaona kuti nkhani ndi imodzimodzi. Ife tili ndi yathu, tax-free savings account, inayamba pa 1 Malichi 2015. Malire a pachaka anayamba ndi R30,000, anakwera kufika R33,000 mu 2017, kenako R36,000 mu 2020. Amasintha ndi bajeti, ndiye munthu aziona za chaka chimenecho asanaike. Koma ife tilinso ndi malire a moyo wonse, R500,000, omwe inu kumeneko mulibe. Banki iliyonse imatumiza ku SARS, bungwe lotolera msonkho kuno, chikalata chotchedwa IT3(s), chosonyeza zomwe waika, ndipo a SARS amaphatikiza okha pogwiritsa ntchito nambala ya chiphaso ndi nambala ya msonkho.

Kusiyana kwake n'kwakuti kuno salankhula zambiri. Ukapyola malire, chilango ndi 40% ya ndalama zopyolazo. M'chaka chomwe malire anali R36,000, munthu woika R40,000 wapyola ndi R4,000, ndiye R1,600 yapita. Komanso ukatapa ndalama n'kudzazibwezera, amaziwerenga ngati waikanso zatsopano. Anthu ambiri agwa pamenepa, amaitenga ngati akaunti yongotapa ndi kubwezera.

Tiyamike_M:
40%?? Che Jafali kumeneko ndiye kulibe chibale.

Che Jafali ku Joni:
Kulibe achimwene. Ndipo mfundo yanu ija ikugwiranso kuno: munthu wosakwana zaka 65 amalandira chiwongoladzanja chofika R23,800 pa chaka popanda msonkho ngakhale pa akaunti wamba. Ndiye ozindikira amaika masheya mu tax-free, osati ndalama zongogona.

Mayi Nabanda:
A Gondwe, nanga kuno ku UK munthu akapyola amamutani? Ndikufunsa chifukwa ndamva kuti tsopano ukhoza kutsegula ma ISA angapo.

A Gondwe, Reading:
Mwamva zoona mayi. Kale lamulo linali lakuti pa chaka uike mu cash ISA imodzi yokha, ISA yosungamo ndalama osati masheya. Kuyambira pa 6 Epulo 2024 ukhoza kuika mu ma cash ISA a mabanki osiyanasiyana chaka chomwecho, bola zonse pamodzi zisapyole £20,000. Izi zapangitsa kuti kulakwitsa kukhale kosavuta, chifukwa palibe banki imene ingakuimitseni. Mukaika £15,000 uku ndi £8,000 uko, mabanki onse awiri alandira mosangalala. A HMRC akadzaphatikiza malipoti adzapeza £23,000 pa nambala imodzi. Akatero amalamula kuti £3,000 yopyolayo ichotsedwe mu ISA, ndipo chiwongoladzanja chomwe yabereka chimawerengedwa ngati cha akaunti wamba, choyenera msonkho. Kalata yake imatha kubwera patapita nthawi yaitali chaka chitatha, munthu utaiwala. Mukazindikira nokha msanga, imbirani banki kapena a HMRC akuuzeni chochita, musangothamangira kutapa n'kumaganiza kuti nkhani yatha, chifukwa lipoti limasonyeza zomwe zinalowa.

Mayi Nabanda:
Chabwino. Tsono funso langa lenileni ndi ili. Ine ndine msungichuma wa kagulu kathu ka amayi a kutchalitchi. Tilipo khumi ndi awiri, timasonkha mwezi uliwonse, tidzagawana mu Disembala ngati mmene timachitira banki m'khonde kumudzi. Ndalamazi zimangokhala mu akaunti yanga osabereka kanthu. Ndimaganiza zotsegula ISA m'dzina langa ndiziikemo, chiwongoladzanjacho tidzagawane. Pali vuto?

A Gondwe, Reading:
Mayi, chonde musatero. Potsegula ISA mumavomereza mawu angapo, ambiri timangodina osawerenga. Ena mwa mawuwo amati ndalama zonse zomwe ndaika ndi zomwe ndidzaike ndi zanga. ISA ndi ya munthu mmodzi, ngakhale mwamuna ndi mkazi wake saloledwa kukhala ndi imodzi ya onse awiri. Mukaikamo za gulu ndiye kuti mwanena bodza pa fomu yomwe yamangidwa ku nambala yanu ya NI.

Ganiziraninso mbali inayi. Pamaso pa banki ndi pa HMRC ndalamazo ndi za Nabanda basi. Mulungu aletse, mutadwala kapena kutisiya mu Okutobala, amayi khumi ndi mmodzi aja alibe pepala lililonse. Ndalamazo zilowa m'chuma cha masiye, ziyembekezere ndondomeko ya kukhoti, ndipo achibale anu akhoza kunena kuti n'zawo. Komanso mwadya malire anu a chaka ndi ndalama za eni.

Mayi Nabanda:
Ii, koma ndiye mwandiopseza. Ndiye kuti ngakhale mmene zililimu, mu akaunti yangayi, si bwino?

A Gondwe, Reading:
Vuto la umwini ndi lomwelo. Ndipo akaunti ya munthu mmodzi ikamalandira ndalama kuchokera kwa anthu khumi ndi mmodzi mwezi uliwonse, makompyuta a banki amatha kuikayikira n'kuitseka kaye mpaka mufotokoze. Mabanki angapo ali ndi maakaunti a magulu ndi timabungwe, amafuna malamulo a gulu olembedwa ndi anthu awiri kapena atatu osayinira. Kafunseni imeneyo. Pakadali pano sungani kaundula wolembedwa bwino, aliyense asayine zomwe wapereka.

Nangozo:
Zimenezi n'zoona. Kagulu kathu ku Luton akaunti ya msungichuma inatsekedwa milungu ingapo, nthawi ya Khirisimasi penipeni. Anachita kupita ndi kope la masonkhedwe ndi mauthenga a pa WhatsApp kukasonyeza komwe ndalama zimachokera. Anaitsegula, koma amayi ena anali atayamba kale kunong'onezana kuti wadya.

Mayi Nabanda:
Amayi a mpingo ndimawadziwa, sangadikire n'komwe milungu. Ndikakamba nawo Lamlungu.

Wongani92:
Pepani ndilowerere. Ine ndangofika miyezi iwiri yapitayi, nambala ya NI ndilibe. Msuweni wanga akuti ndigwiritse ntchito yake potsegula, tidzasintha ikabwera yanga. Zimatheka?

Tiyamike_M:
Ayi ayi ayi. Usayerekeze.

A Gondwe, Reading:
Wongani, msuweni wakoyo akukufunira zabwino koma akuika nonse awiri m'mavuto. Dzina ndi tsiku lobadwa zikhala zako, nambala ya wina, lipoti likafika ku HMRC sizigwirizana. Ndipo kulemba dala nambala ya munthu wina pa fomu ya banki ndi chinyengo. Banki ikakulemba pa mndandanda wa achinyengo wa Cifas, dzina limatha kukhalapo mpaka zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo nthawi yonseyo kutsegula akaunti kapena kutenga ngongole kumavuta kwambiri. Zonsezi chifukwa cha akaunti yomwe ikanadikira mwezi umodzi.

Yamba waona ngati ulibedi. Ambiri obwera pa viza ya ntchito amapatsidwa nambala pamodzi ndi viza. Kale inkalembedwa kuseri kwa khadi la chilolezo chokhala kuno lotchedwa BRP, makhadi aja anatha ntchito kumapeto kwa 2024, pano yang'ana mu akaunti yako ya eVisa, viza ya pa intaneti ija. Ngati mulibe, pempha pa webusaiti ya gov.uk. Ndi zaulere, ndipo amati imatenga mpaka milungu inayi akatsimikiza kuti ndiwe ndani. Pali mawebusaiti ena amalipiritsa kuti akudzazire fomu yomweyo, usawapatse ndalama. Ntchito ukhoza kuyamba usanailandire, bola wasonyeza kuti uli ndi chilolezo chogwira ntchito. Ikabwera idzaoneka motere: zilembo ziwiri, manambala asanu ndi limodzi, kenako chilembo chimodzi, A, B, C kapena D.

Wongani92:
Ndayang'ana mu eVisa, ilimo! Ndimaganiza kuti ndi nambala ya viza. Zikomo ankolo.

Nangozo:
Poti tikukamba za nambalayi, chenjerani ndi mafoni aja a mawu ojambulidwa onena kuti nambala yanu ya NI yaimitsidwa, dinani 1 apo ayi apolisi akubwera. Ndi akuba. Nambala ya NI siimitsidwa. Amadziwa kuti ife obwera timanjenjemera tikangomva za boma. Dulani foni. Uthenga wokayikitsa wa pa foni mukhoza kuutumiza ku 7726, ndi ulere.

Nachisale wa ku Leicester:
Anandiimbirapo amenewo ndili pa shifiti ya usiku. N'chifukwa chake ndinachita mantha fomu itandifunsa.

Nangozo:
Kusiyana kwake n'kwakuti apa mwapita nokha ku banki, mwalowa pa app yawo yeniyeni. Akakuimbirani iwo n'kumafunsa, pamenepo ndiye ayi.

Ankolo Zimba:
Ana inu mwakamba zambiri zothandiza. Langa ndi la okalamba. Ndakhala kuno zaka zambiri, ISA ndili nayo, ndipo chaka chamawa ndikufuna kubwerera kwathu ku Kasungu ndikapume. Kodi ndikanyamuka amaitseka? Chachiwiri, potsegula akaunti ina yosungira chaka chatha anandifunsa ngati ndimalipira msonkho kudziko lina, ndipo ngati ndi choncho ndilembe nambala ya msonkho ya kumeneko. Ine TPIN ya ku MRA ndinali nayo kale ndili ndi kabizinesi ku Lilongwe. Ndinayenera kuilemba?

A Gondwe, Reading:
Ankolo, ISA saitseka. Mukhoza kuisiya mmene ilili, ndipo UK ipitiriza osaidula msonkho. Chimene simungathe ndi kuikamo zina mukasiya kuwerengedwa ngati wokhala kuno pa za msonkho, kuyambira chaka cha msonkho chotsatira chomwe mwachokera. Muyenera kuiuza banki kuti mwasamuka. Mukadzabwerera kudzakhalanso kuno mukhoza kuyambiranso, nambala ya NI idzakhala yomweyo. Koma kumbukirani kuti lonjezo losadula msonkho ndi la boma la UK lokha, silimanga dziko lina. Za mmene a MRA angaonere chiwongoladzanja chochokera kunja mukafunse kwa odziwa malamulo a msonkho a kumudzi musananyamuke.

Funso lachiwirilo ndi nkhani ina, yosiyana ndi ya ISA. Likuchokera ku mgwirizano wa mayiko wotchedwa Common Reporting Standard, womwe bungwe la mayiko loona za chuma la OECD linakonza mu 2014, ndipo UK ndi South Africa anayamba kusinthana nawo mauthenga mu 2017. Cholinga n'chakuti munthu asabise chuma kunja. Banki imafunsa dziko lomwe mumawerengedwa kuti ndinu wokhoma msonkho, ndipo ngati ndi dziko lina lomwe lili mumgwirizanowu, imauza HMRC, iwo n'kutumiza kumeneko dzina, nambala ya msonkho ndi ndalama zomwe zili mu akaunti. Funso lina lomwe mabanki amafunsa loti kodi ndinu nzika ya America ndi la lamulo lawo la FATCA la 2010, chifukwa iwo amadula msonkho nzika zawo kulikonse zili.

Chofunika apa: pasipoti ya Malawi pa yokha sikutanthauza kuti ndinu wokhoma msonkho ku Malawi. Amayang'ana komwe mukukhala. Munthu amene wakhala ku UK masiku 183 kapena kuposa m'chaka cha msonkho amawerengedwa wa kuno. Inu mwakhala kuno zaka zonsezi, ndiye kuyankha kuti UK kunali kolondola. Amene ali ndi nyumba za lendi kapena bizinesi yoyenda kumudzi, amapitako miyezi yambiri, ameneyo afunse bwino chifukwa zimatheka kuwerengedwa mbali zonse ziwiri. Inuyo mukadzakhazikika ku Kasungu, banki idzakufunsaninso fomu yomweyo, ndipo pamenepo ndi pomwe nambala ya ku MRA idzafunike.

Ankolo Zimba:
Ndathokoza mwana wanga. Ndiye ndikaifufuze, mapepala ake anatsala m'sutikesi kwa mlongo wanga ku Area 25.

Tiyamike_M:
Ankolo mukapeza chiswe chitadya kkkk. Pitani ku ofesi ya MRA ndi chiphaso, akakupezerani mu kompyuta.

Nachisale wa ku Leicester:
A Gondwe, kanthu kena kakang'ono. Mwana wanga ali ndi zaka 9, alibe nambala ya NI. Ndiye kuti yake singatheke?

A Gondwe, Reading:
Itheka. Ya ana imatchedwa Junior ISA, malire ake ndi £9,000 pa chaka, ndipo sakhudza £20,000 yanu. Nthawi zambiri ana amalandira nambala ya NI akamayandikira zaka 16, ndiye kwa wa zaka 9 banki imatenga dzina lake, tsiku lobadwa ndi adiresi, kenako zanu monga kholo lomutsegulira. Mwanayo ayenera kukhala akukhala kuno ku UK, wa kumudzi simungamutsegulire. Dziwaninso kuti zomwe mwaikamo ndi zake, inu simungazitape. Akafika zaka 16 akhoza kuyamba kuiyendetsa yekha, akafika 18 akhoza kutapa zonse osakupemphani.

Mayi Nabanda:
Pa 18 osandipempha? Wangayu angakagule nsapato za mpira ndi foni tsiku lomwelo.

Che Jafali ku Joni:
Kuno vuto lake ndi lina. Ukamutsegulira mwana tax-free, zomwe ukuikazo zikudya R500,000 yake ya moyo wonse. Makolo ena amaika, kenako n'kutapa kulipira fizi, osadziwa kuti malire a mwana apita ndipo sabwerera. Akadzayamba ntchito adzapeza malo ake atachepa kale.

Wongani92:
Funso lomaliza ankolo Gondwe. Ndikatsegula ku banki iyi, kenako ndapeza ina yopereka zambiri, ndingotapa n'kukaika uko?

A Gondwe, Reading:
Usatape wekha. Ukatapa n'kukaika kwina, amaziwerenga ngati zatsopano, zikudyanso malire a chaka chimenecho. Pita ku banki yatsopanoyo, dzaza fomu yosamutsira ISA, iwo akatenga okha ku banki yakaleyo. Pa cash ISA siziyenera kupitirira masiku 15 ogwira ntchito. Adzakufunsanso nambala ya NI pa fomuyo, ndipo uonetsetse kuti dzina lalembedwa chimodzimodzi mbali zonse ziwiri, chifukwa kusamutsa kumatha kuchedwa pa nkhani ya dzina lapakati lomwe banki ina ili nalo, ina ilibe. Ngati ndi ISA yotsekera chaka chimodzi kapena ziwiri, funsa kaye chilango chotulukira nthawi isanakwane, nthawi zambiri amadula chiwongoladzanja cha miyezi ingapo.